Maola awiri mumlengalenga, maola 32 pansi

Amalume anandifunsa funso limodzi lokha, ine n'kuyankha mosachedwa. Papita zaka tsopano, koma ndikamva kulira kwa ndege pamwamba pa mapiri a Chipata ndimaimabe n'kuyang'ana kumwamba, funso lija n'kubwerera m'makutu: "Mphwanga, mlongo wakoyo afika liti?"

Munali mu Okutobala 2019, Lachinayi m'mawa. Amayi anali atatisiya usiku wa Lachitatu kuchipatala m'tauni, thupi lili ku mochale. Ine ndinali nditangofika kumene kumudzi kwathu, cha ku Chipangali, osagona usiku wonse. Alongo anga, chisamba cha amayi, anali ku Joni kumene amagwira ntchito. Anali ataimba kale foni kuti apeza mpando pa ndege ya Lachisanu m'mawa.

## Pansi pa mango

Amuna tinakhala kuseri kwa siwa, pansi pa mtengo wa mango pamene amayi ankakonda kutongolera chimanga. Panali amalume, amene ndiwo eni mbumba, a mfumu, akulu ampingo awiri, ndi mkulu wa adzukulu atakhala pa chigubu chapatali pang'ono. Nkhani inali imodzi: tiika liti?

Amene anasungapo maliro pakhomo mu Okutobala akudziwa kuti funso limeneli silidikira. Thupi likachoka ku mochale kubwera kumudzi silibwereranso, ndipo kutentha kwa mwezi umenewu sikumva za chisoni cha munthu. Uku anthu akukhamukira kuchokera m'midzi yonse yozungulira, tsiku lililonse loonjezera ndi thumba linanso la ufa, ndipo chaka chimenecho ufa unali utakwera mtengo koopsa. Komabe panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuika amayi mwana wawo woyamba kulibe.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndine mphunzitsi, phunziro langa ndi jogalafe, ndipo m'banja mwathu za mapu, za mafomu ndi za pa foni zimagwera ine. Ndinadzuka, n'kukwera pa chulu cha pafupi ndi khola pamene intaneti imagwirako, n'kulemba mayina awiri: Johannesburg, Lusaka. Yankho linabwera nthawi yomweyo. Makilomita pafupifupi 1,200. Maola awiri.

Ndinabwerera n'kunjuta pafupi ndi amalume. "Amalume, kuchoka ku Joni kufika pa Lusaka ndi maola awiri basi. Masana akhala atatera. Akakwera basi ndi maola 8, ndiye kuti usiku tikhala nawo pompano."

A mfumu anagwira pakamwa. "Maola awiri? Ku Joni komwe kuja makolo athu ankatha mwezi ali wapansi?"

"Komweko, a mfumu."

Amalume anakhala chete kanthawi, akulembalemba pansi ndi kamtengo. Kenaka anati, "Aphunzitsi anena. Thupi tikatenge mawa masana, mlongo wanga agone pakhomo pake, mwana wake amupeze. Loweruka m'mawa tiike." Mkulu wa adzukulu anaomba m'manja n'kunyamuka kukauza anzake.

Ndinaphatikiza 2 ndi 8 n'kupeza 10. Samuyo inali yokhoza. Koma ndinangowerenga maola amene munthu amakhala akuyenda, osawerengako amene amakhala ataima.

## Foni sinaname

Kwa miyezi ndithu ndinkafuna kukwiyira foni ija, koma panalibe poikwiyira. Kuchoka pa bwalo la ndege la O. R. Tambo ku Joni kufika pa la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi makilomita 1,200 ndithu ukayala rula pa mapu. Mabwalo awiriwa ali pafupifupi pa mzere umodzi wochoka kum'mwera kuloza kumpoto, wodutsa pa Limpopo, chigawo cha Bulawayo ndi nyanja ya Kariba.

Ndege zikuluzikulu za jeti zikafika pamwamba zimathamanga makilomita 800 kapena kupitirirapo pa ola. Gawani 1,200 ndi 800, mupeza ola limodzi ndi theka. Nanga theka linalo likuchokera kuti? Nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba pamene ndege yasuntha pamalo okwererapo anthu, n'kutha pamene yaima pamalo otsikira. M'katimo muli kukwawa pang'onopang'ono kupita pa msewu wake wonyamukira, kudikira chilolezo, kukwera, kutsika mwapang'onopang'ono, ndi kukwawanso itatera. Choncho eni ndege amawerengerako bwinobwino kuima kwa ndege yawo. Kuima kwa iwe mwini ulendo ndi kumene salemba paliponse.

## Lachisanu la alongo anga

Anatseka chitseko cha nyumba yawo 6 koloko m'mawa, poti ulendo wotuluka m'dziko umafuna kuti munthu afike pa bwalo kukadali maola awiri kapena atatu. Maola anayi ndi theka anatha asanakhale n'komwe pa mpando wa ndege. Inanyamuka mochedwerako pang'ono, monga zimachitikira, n'kutera ku Lusaka cha m'ma 1 koloko masana.

Anandiimbira ali pa mzere wodinditsa pasipoti. "Ndafika, mlongo wanga." Ine n'kuthamanga kukauza amalume kuti afika. Nkhani inafalikira mpaka kumaphikiro, azimayi n'kumauzana kuti mwana wa malemu wafika. Tonsefe mitima inakhala pansi, ngati kuti Lusaka ali kuseri kwa dambo.

Masiku amenewo nyumba yatsopano ya pa bwaloli inali ikumangidwabe, inadzatsegulidwa mu 2021. Mzere wa pasipoti, kudikira sutikesi, kusintha marandi kuti apeze makwacha, kunenerera mtengo ndi wa takisi, ola ndi theka linapita pamenepo.

Ndiye pali ichi chimene chimandiwawa ndikayang'ana mapu. Bwalo la Kenneth Kaunda lili kum'mawa kwa Lusaka, m'boma la Chongwe, mbali yathu yomwe ino. Msewu wake umatulukira mu Great East Road, msewu wobwera kwathu. Munthu wotera pamenepo ndiye kuti ulendo wa ku Chipata wauyamba kale. Koma basi ya ku Chipata imanyamukira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, m'katikati mwa mzinda. Choncho alongo anga anafulatira kwawo n'kuyenda makilomita oposa 20 kulowera kumadzulo, m'chipwirikiti cha magalimoto a Lachisanu masana.

Pa Intercity anafika cha m'ma 4 koloko. Anyamata oitanira anthu anawazungulira, wina atagwira kale sutikesi, koma atamva kumene akupita anaisiya. "Chipata ni mailo, mami," kutanthauza kuti basi ya ku Chipata ndi mawa.

Kuyambira mu 2016 boma linali litaletsa mabasi onyamula anthu kuyenda pakati pa 9 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, pofuna kuchepetsa ngozi za pamsewu. Lamulolo ndinkalidziwa. Ndinali nditagonapo m'basi ineyo chifukwa cha lamulo lomwelo, ndipo sindilinenera zoipa, pakuti aliyense amene anadutsapo m'makhotakhota a Manenekela, m'mapiri a pa msewu wa ku Chipata, usiku akudziwa chimene linkateteza. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Basi yonyamuka 4 koloko madzulo, 9 koloko ingaipeze ili cha ku Nyimba, kutatsala makilomita oposa 200. N'chifukwa chake mabasi a kwathu ankanyamuka m'mawa. Zonsezi zinali m'mutu mwanga momwemu Lachinayi lija, koma "maola awiri" aja anaphimba china chilichonse.

Wa takisi wina anati angathe kuwaperekeza usiku womwewo, koma mtengo wake unaposa zonse zimene zinatsala m'chikwama mwawo tikiti ya ndege itadya zake. Ife kuno ndalama zinali zitathera ku bokosi ndi galimoto yonyamula thupi. Anandifunsa ngati angakaime m'mbali mwa msewu n'kuimitsa galimoto iliyonse yolowera kum'mawa. Ndinawakaniza. Munthu wamayi, yekhayekha, usiku, ndi sutikesi, m'mapiri muja. Ndinati ayi alongo, tisaike maliro awiri. Pamenepo pokha ndimaonabe kuti ndinayankha bwino, ngakhale kuti kukana kwanga n'kumene kunatseka khomo lomaliza.

## Dzanja pa zenera

Thupi linafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi a Chigwirizano analandira bokosi, n'kulowa nalo m'nyumba, nyimbo n'kuyamba. Amuna tinasonkha moto pabwalo monga mwa mwambo, ngakhale kuti kunkatentha moti aliyense anakhala patali nawo.

Cha m'ma 10 koloko usiku foni inalira. Alongo anga anali m'basi yomwe inkadzanyamuka m'mawa, kondakitala atawalola kugonamo pamodzi ndi anthu ena osowa kolowera. Mawu awo anali otsika kwambiri. Sanandifunse za basi kapena za nthawi. Anangoti, "Akuimba?"

"Akuimba, alongo."

"Ndimvetseko."

Ndinapita pa zenera la pabalaza, limene linalibe galasi koma kansalu chabe, n'kulowetsa dzanja foni ili m'manja. M'katimo nyali ya palafini inali kumutu kwa bokosi. Azimayi anakhala mondondozana motsamira khoma, miyendo atatambasula, thukuta likuyenderera m'makosi. Amayi aang'ono anaona dzanja langa pa zenera, anamvetsa popanda wowauza, n'kukhwekhwerezeka kubwera pafupi kuti mawu awo alowe bwino m'foni. Ndinaima choncho mpaka mkono unachita dzanzi, n'kusintha dzanja, nalonso n'kuchita dzanzi. Nditaibweza kukhutu ndinamva alongo anga akuyankhira nyimbo ija chapansipansi, kumbuyo kwawo kukumveka injini ya basi ndi mnyamata woitanira tiyi. Anaimba nawo nyimbo zitatu. Yachinayi ili pakati, tokotaimu yawo inatha.

Apo m'pamene ndinakhala pansi n'kuwerenganso, ulendo uno mosathamanga. Basi ikanyamuka 5 koloko, ku Chipata ifika 1 kapena 2 koloko masana. Kuchoka m'tauni kufika kumudzi kwathu ndi ola linanso ndi theka, galimoto ikapezeka. Ndinapita pamene panakhala amalume n'kuwanong'oneza zonse. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anangoti, "Tidikira mpaka pamene thupi litilolere."

## Loweruka

Adzukulu analowa kumanda m'bandakucha, nthawi yomwe basi inkatuluka pa Intercity. Patapita theka la ola uthenga unalowa: "Tadutsa pa mphambano ya ku eyapoti." Maola 16 chiterere ndege, anali atangobwerera pamene anayambira.

Chongwe. Rufunsa. Kenaka zii, netiweki itasowa m'mapiri. Cha m'ma 9 koloko anaimba ali pa mlatho wa Luangwa, paja basi imaima kuti anthu agule nsomba zouma ndi madengu. Ife a kum'mawa tikaoloka mlatho umenewu mtima umati tafika kwathu, komatu pamakhala patatsala makilomita oposa 300.

Mwambo unayenera kuyamba 9 koloko yomweyo. Abusa anavomera kudikira. Anthu anakhala m'mithunzi, ena pansi pa ngolo, ana akuzungulira ndi zidebe za madzi akumwa. Itakwana 11 koloko azimayi anayamba kutuluka m'nyumba ya siwa mmodzimmodzi n'kukakhala pakhonde. Palibe amene ananena chifukwa chake, ndipo panalibe wofunika kuuzidwa. Mkulu wa adzukulu anabwera, anagwada pamaso pa amalume, n'kulankhula mawu ochepa. Amalume anandikodola.

"Ali pati?"

"Akuyandikira Petauke, amalume."

Anayang'ana dzuwa, lili pafupi kufika paliwombo. "Muimbire. Ndilankhule naye ndekha."

Zimene alongo anga anayankha sindinamve. Ndinangomva amalume akuti, "Mphwanga, mayi ako atopa. Utilole tikawagoneke." Anakhala chete nthawi yaitali foni ili kukhutu, kenaka anati, "Zikomo, mayi," n'kundibwezera.

Bokosi linatsikira m'manda 1 koloko isanakwane, basi ili pakati pa Sinda ndi Katete.

Anafika 4 koloko madzulo, pa kagalimoto kodzaza matumba a feteleza. Anatsika atavala nsapato zomwe anachokera nazo ku Joni, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo. Azimayi anawalandira ndi kulira n'kuwatengera kumanda, ine n'kutsala ndi sutikesi. Pa chogwirira chake panali pakadali kapepala koyera kaja amamata pa bwalo la ndege, kolembedwa zilembo zitatu zikuluzikulu, LUN, zoimira bwalo la ku Lusaka. Ndinakhala ndikukayang'ana kapepalako mpaka anthu anabwerako kumanda. Usiku ataitsegula sutikesi ija, pamwamba pa zovala panali bulangete latsopano lili m'pulasitiki mwake, limene anagula kuti amayi apite nalo.

Kuchoka pa chitseko chawo ku Joni kufika pa chitseko cha amayi anatha maola 34. Awiri okha ndiwo anali a mumlengalenga.

Sanandinenepo mawu oipa, ngakhale tsiku limodzi. Nditapepesa, tsiku lometa litadutsa, anati, "Iwe unanena zimene unaona. Inenso ndinakhulupirira tikiti."

## Rula ndi ulusi

Ana a Giredi 10 ndimawaphunzitsa kuyeza mtunda pa mapu m'njira ziwiri. Mtunda wolunjika timayeza ndi rula. Koma msewu kapena mtsinje timayeza ndi ulusi: umaugoneka pa mapu, kuupinda motsatira khota lililonse, kuutsina ndi chikhadabo pamene wathera, kenaka n'kuuongola pa sikelo. Ana amakonda tsiku la ulusi chifukwa nthawi zonse umatuluka wautali kuposa mmene amaganizira. Zimenezi ndinali nditaphunzitsa zaka zambirimbiri.

Sukulu itatsekera mu Disembala chaka chomwecho, ndinatsala ndekha m'kalasi n'kuyala mapu a kum'mwera kwa Africa pa desiki. Ndinaika chala pa Chipata n'kudzifunsa funso limene sindinafunse pansi pa mango paja: kodi bwalo lalikulu la ndege lapafupi ndi pano ndi liti?

Si la ku Lusaka ayi. Ndi la Kamuzu, ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe. Kuchoka m'Chipata kufika pa malire a Mwami ndi makilomita ngati 20. Ukadutsa Mchinji msewu ndi wosalala mpaka ku Lilongwe, kenaka n'kukhotera kumpoto makilomita ena ngati 25. Ulusi wonse, kuyambira pa bwalo la Kamuzu mpaka m'Chipata, umakwana makilomita pafupifupi 170.

Pa rula, Johannesburg kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,500, kutalikirapo ndi 300 poyerekeza ndi ku Lusaka. Mumlengalenga ndi theka la ola loonjezera basi. Koma theka la ola limenelo limakuchotsera makilomita 400 a pamsewu, mapiri onse a Luangwa, ndi usiku wa pa Intercity. Ndege zochoka ku Johannesburg kupita ku Lilongwe zinalipo chaka chimenecho. Ife a ku Zambia sitifuna viza polowa m'Malawi. Munthu wotera ku Lumbadzi masana, kumadzulo amakhala ali m'Chipata. Alongo anga akanakhala m'chipinda muja, atatsamira khoma pafupi ndi amayi aang'ono, osati kumvera pa foni. Sitinafunse n'komwe za njira imeneyo, ine kapena iwo. Paja safunsa anadya phula.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. Ifetu ndi anthu amene timaoloka malire kupita ku maliro a achibale ku Mchinji. Ogasiti aliyense Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe amene amawaona ngati alendo. Mapazi athu amadziwa kuti Lilongwe ali pafupi. Koma ikangofika nkhani ya ndege timatenga mapu ena, aja a pa khoma la m'kalasi opakidwa mitundu, pamene dziko lililonse lili ndi utoto wake ndi likulu lake. Pa mapu amenewo munthu wa ku Zambia amatera ku Lusaka, basi. Mapu omwewo ndimawapachika ndekha chaka ndi chaka.

## Ndege za ku Mfuwe

Panalinso njira ina. Kuchoka pa bwalo lomwelo la Kenneth Kaunda kufika pa bwalo la Mfuwe, m'boma la Mambwe, ndi makilomita pafupifupi 440 pa rula. Ndege za kampani ya Proflight zimauluka njira imeneyi, ndipo ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi ngati 10. Mungadabwe kuti mtunda wosakwana theka la wa ku Joni ukutenga nthawi yoposa theka. Chifukwa chake n'chakuti ndege zazing'ono za mapulopela zimathamanga makilomita ngati 500 pa ola, ndipo pa ulendo waufupi kukwera ndi kutsika kumadya gawo lalikulu la nthawi. Ukatera ku Mfuwe, Chipata ali pa makilomita opitirira pang'ono 100, msewu watala, maola awiri pa galimoto.

Ndinapitako ndi ana asukulu chaka china. Tinaima kuseri kwa mpanda n'kumaonerera alendo akutsika, zipewa zikuluzikulu kumutu, magalimoto opanda denga akuwadikira kuti awatengere kumalo osungirako nyama zakutchire a South Luangwa. Sindiwachitira nsanje. Alendo amenewa ndiwo amapatsa ntchito anthu ambiri m'chigwa chija. Koma ndege zimenezo, nthawi zake ndi mitengo yake, anazikonza moganizira iwowo. Ndinawerengera pa kapepala nditaima pomwepo: munthu wochoka ku London, ngakhale asinthe ndege kawiri, angathe kuona njovu ku Mfuwe m'maola ochepa kuposa amene mwana wa ku Chipangali anatha kuchoka ku Joni kubwera ku maliro a mayi ake. Zimenezo sizindikhalira bwino mumtima.

Kabwalo kathu ka m'Chipata kalipo. Ndimafunitsitsa nditaona tsiku limene ndege idzaterepo m'mawa uliwonse kuchokera ku Lusaka, pa mtengo umene banja lingathe kusonkherana pakagwa zovuta. Chigawo chino chili ndi ana ambiri ku Copperbelt, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo onsewo tsiku lina amalandira foni ya usiku.

## Sindiyankhanso msanga

Anthu amabwerabe kwa ine ndi matikiti a ana awo pa foni. Mayi wina woyandikana naye nyumba, mwana wake ali ku Dubai, anabwera chaka chatha kudzafunsa tsiku loti aphe nkhuku. Ndinamukhazika pansi n'kutenga pepala.

Choyamba ndimayang'ana kuti nthawi yolembedwayo ndi ya wotchi ya kuti, poti tikiti imalemba nthawi ya kumalo kumene ndege ikunyamukira ndi ya kumene ikukatera, iliyonse payokha. Johannesburg, Harare, Lusaka ndi Lilongwe wotchi ndi imodzi. Nairobi, Addis Ababa ndi Dar es Salaam ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri. Tikiti ikati ndege inyamuka ku Nairobi 8 koloko n'kutera ku Lusaka 10 koloko, ndiye kuti yauluka maola atatu, osati awiri. Ambiri amasokonezeka pamenepa.

Koma chimene ndimalimbikira kwambiri si kutalika kwa ulendo wa mumlengalenga, ndi ola loterera. Kwa munthu wa ku Chipata wodalira basi, kutera ku Lusaka masana kapena kutera usiku kungathe kukhala chimodzimodzi, onsewo n'kugona komweko. Ndiye ndimafunsa: akatuluka pa chitseko cha bwalo, akwera chiyani? Alipo wokamudikira ndi galimoto? Ndalama ya ulendo wotsalawo ali nayo m'thumba, kapena yonse yapita ku tikiti? Kodi mwayang'anako za ku Lilongwe? Mayi uja anaseka kuti mafunso achuluka ngati kupolisi. Ndinamuuza nkhani ya bulangete, ndipo anatenga pepala lija n'kulipinda bwinobwino m'mphepete mwa chitenje.

## Ogasiti 2023

Chiliza cha amayi tinavundukula mu Ogasiti 2023. Ulendo uno alongo anga anagula tikiti ya ku Lilongwe. Anatseka chitseko chawo 6 koloko m'mawa monga kale, n'kutera ku Lumbadzi masana. Mnzanga wina wa ku Mchinji anakawatenga pa galimoto yake, ine n'kukawadikira pa Mwami. Kuyambira kumapeto kwa 2022 pa malire amenewa mayiko onse awiri amadindira malo amodzi, choncho sanachedwe. Itangokwana 4 koloko ndinawaona akutuluka, akukoka sutikesi yomwe ija, pa chogwirira pali kapepala katsopano kolembedwa LLW, zilembo za bwalo la ku Lilongwe.

M'galimoto sitinalankhule zambiri. Titadutsa m'tauni n'kulowa msewu wa ku Lundazi, anatsitsa galasi n'kumayang'ana minda yowotchedwa ndi ana obwera kotunga madzi.

Tinafika kumudzi kachisisira. Amayi aang'ono anatuluka m'nyumba akululuta, atafunda bulangete lija pamapewa, poti alongo anga anawasiyira iwowo. Amalume anali pansi pa mango, atakalambirako, ndodo ili pamiyendo. Alongo anga anagwada n'kuwapatsa moni.

"Wanyamuka liti ku Joni, mphwanga?"

"Lero lomwe m'mawa, amalume."

Amalume anandiyang'ana ine kanthawi, kenaka n'kuyang'ana kumadzulo kumene kunali kukadali kofiira. Alongo anga anati akufuna ayambe afika kumanda kusanade.

"Mayi ako ali pomwepo, ukawaona mawa kukacha," anatero amalume. "Yamba wasamba. Nsima ili pamoto."